Shaki yamkaka ndi shaki yadiso: mmene mungazisiyanitsire zikafika zouma kapena zochokera mufiriji

Mkangano umayamba katoni ikangotsegulidwa. Pamwamba palembedwa dzina lina, pachikalata chochokera kumalire palinso lina, ndipo m'katimo mwagona tishaki totuwa, tatitali ngati kuchokera paphewa kufika kunsonga za zala, tofanana ngati ana a mimba imodzi. Wogula akuti ndi mtundu uwu, wogulitsa akuti ndi uwo, woyendera katundu naye wagwira cholembera koma chikumusowa cholemba.

Kuno ku Lusaka maso athu anazolowera kapenta, mlamba ndi bukabuka. Shaki ndi mlendo, ndipo imafika itayenda mtunda wautali, kaya kuchokera ku Beira kudzera pa Chanida ndi Katete, kaya kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Nakonde. Potsika pagalimoto imakhala itauma gwaa ndi ayezi, apo ayi itathiridwa mchere n'kuyanikidwa padzuwa. Zithunzi za m'mabuku zimaonetsa nsomba yongovuulidwa kumene, yonyezimira, zipsepse zili chilili. Imene ili patebulo panu siioneka choncho, n'chifukwa chake ambiri amaphonya ngakhale buku lili m'manja.

Mitundu imene imasokoneza kawirikawiri ndi iwiri. Woyamba ndi Rhizoprionodon acutus, umene pamakatoni amalemba kuti milk shark. Pano tiziitcha yamkaka. Dzinali linachokera ku India, kumene ena amakhulupirira kuti nyama yake imachulukitsa mkaka kwa mayi woyamwitsa. Wachiwiri ndi Loxodon macrorhinus, pamakatoni sliteye shark. Iyi tiziitcha yadiso, poti chizindikiro chake chili padiso. Zonse ziwiri zimakhala m'madzi osazama kwambiri m'mbali mwa nyanja ya Indian Ocean, zimakodwa mu ukonde umodzi, ndipo msodzi wolankhula Chiswahili amangoti papa, wolankhula Chipwitikizi n'kuti cação, nkhani yatha.

Kale nkhani ikanatheradi pomwepo. Koma mu Novembala 2022, pamsonkhano wa ku Panama wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, mayiko anagwirizana kuika banja lonse la shaki lotchedwa Carcharhinidae pa Appendix II, mndandanda wa zamoyo zimene malonda ake odutsa malire amayang'aniridwa, ndipo izi zinayamba kugwira ntchito pa 25 Novembala 2023. Shaki ziwirizi zili m'banja limeneli. Katundu wake akamadutsa malire amafunika chilolezo cha dziko limene akuchokera, ndipo pachilolezopo pamalembedwa dzina la sayansi. Dzina likasemphana ndi zimene zili m'katoni, katundu amagona pamalire, ayezi n'kumasungunuka. Kuno nkhani za CITES zili m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife ku Chilanga, komwenso kuli likulu la Department of Fisheries.

Musanagwire nsomba

Zida zake n'zochepa: rula yokhala ndi mamilimita, chingwe chosatamuka, tochi kapena nyale ya foni, galasi lokulitsa zinthu, kamtengo kotokosera m'mano, magolovesi ndi nsalu youma. Magolovesiwo musawadumphe. Khungu la shaki ndi lokhakhala ngati sandipepa mukalisisita kuchokera kumchira kupita kumutu, ndipo mano a tishakiti, ngakhale ndi aang'ono, amacheka chala ngati lezala.

Nsomba youma ndi ayezi siiyezedwa. Isiyeni m'munsi mwa firiji, pozizira madigiri 4 kapena kucheperapo, usiku wonse. Ngati nthawi yathina, kulungani mutu wokha mupulasitiki n'kuuviika m'madzi ozizira a pampopi kwa mphindi 30 mpaka 40, poti mbali zofunika kwambiri zili kumutu. Madzi otentha ayi. Amafinya khungu la kukamwa, amayeretsa diso, ndipo zizindikiro ziwiri zimene mukufunazo ndi zimene zimayamba kuwonongeka.

Ikasungunuka, igonekeni cham'mbali pamalo osalala, muipukute. Yezani kuchokera kunsonga ya mphuno mpaka kunsonga ya mchira wa m'mwamba, mchirawo utawongoledwa motsatira thupi. Ngati yapindika ndipo siikuwongoka, yalani chingwe motsatira msana kenako muyeze chingwecho. Lembani nambalayo pompo, chifukwa muyeso wa kukamwa udalira pa iyo.

Yambani mwatsimikiza kuti ndi imodzi mwa ziwirizi

Nthawi zambiri munthu amavutika kusankha pakati pa yamkaka ndi yadiso pamene nsomba ili m'manjayo si iliyonse mwa izo. Itembenuzeni chagada muone chipsepse cha pansi chimene chili pafupi ndi mchira. Kutsogolo kwake kuyenera kukhala timitumbira tiwiri tatitali toyenda limodzi, ngati mizere iwiri ya m'munda, kutalika kwake pafupifupi kofanana ndi tsinde la chipsepsecho. Yendetsani chala, mutimva. Kenako yang'anani chipsepse chachiwiri cha pamsana. Pa shaki ziwirizi n'chaching'ono, chachifupi kuposa cha pansicho, ndipo chimayambira kumbuyo kwambiri, cha kumene tsinde la cha pansi likuthera. Zinthu ziwirizi zikapezeka pamodzi, muli panjira.

Zikapanda kupezeka, ganizirani mitundu ina ya shaki. Minga kutsogolo kwa zipsepse za pamsana, popanda chipsepse cha pansi chija, ndiye kuti ndi Squalus. Mano ophwatalala ngati miyala yoyalidwa pabwalo, kabowo koonekera bwino kumbuyo kwa diso, ndi chipsepse chachiwiri chachikulu choyambira kutsogolo kwa cha pansi, ameneyo ndi Mustelus. Nsonga zakuda bii pa zipsepse za pachifuwa, pa chachiwiri cha pamsana ndi kumchira wa m'munsi zimaloza kwa Carcharhinus sorrah. Palinso mwana wa Carcharhinus leucas, shaki imene ku South Africa amaitcha Zambezi chifukwa imakwera mitsinje. Imeneyi imabadwa itafika kale msinkhu wa tishaki tathuti, koma mphuno yake ndi yaifupi, yobulungira, maso aang'ono, thupi lojintcha, mano a m'mwamba otakata. Ukaiona kamodzi sungaisokonezenso.

Pangodya ya kamwa

Apa ndi poyambira, osati padiso, ngakhale dzina la yadiso limakopa. Chifukwa chake n'chakuti khungu la kukamwa limapirira ayezi ndi mchere kuposa diso.

Nsomba ili chagada, tsekani kamwa lake pang'onopang'ono ndi chala mpaka nsagwada zikumane. Pamene mlomo wa m'mwamba ukukumana ndi wa m'munsi, yang'anani kamzere kokumbika koyenda kuchokera pangodyapo kulowera kutsogolo motsatira mlomo wa m'mwamba. Walitsani tochi cham'mbali, osati mochokera pamwamba, kuti kamzereko kachite mthunzi. Lowetsani nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano n'kukayendetsa mpaka pamene kakukanira. Pamenepo ndiye pothera pake.

Pa yamkaka kamzereka n'kakatali, koonekera ngakhale opanda galasi. Kamakhala pakati pa 1.4 ndi 2 peresenti ya kutalika kwa nsomba yonse. Tiwerengere limodzi: nsomba ya masentimita 50 ikhala ndi kamzere ka mamilimita 7 mpaka 10, ya masentimita 70 ka mamilimita 10 mpaka 14, ya masentimita 90 ka mamilimita 13 mpaka 18. Kunena mwachidule, pa nsomba ya msinkhu wapakati njere ya chimanga iyenera kugona m'mbali mwake osakapitirira. Pansi pake pamakhalanso kamzere kena kakafupi ka mlomo wa m'munsi.

Pa yadiso kamzereka n'kongoyerekeza. Kamathera pangodya pomwepo, ndipo kamwa likatsekedwa nthawi zina sikaoneka n'komwe. Kamtengo kotokosera kamangogunda, sikayenda.

Zophonya apa zilipo zitatu. Choyamba ndi kuyeza kamwa lili yasaa. Nsomba zambiri zimauma zili kukamwa kotsegula, khungu n'kukokeka, kamzere kakatali n'kufafanizika, yamkaka n'kuoneka ngati yadiso. Dikirani nsagwada zifewe. Mukazikakamiza zidakali zolimba, khungu ling'ambika pangodya ndipo mupanga nokha mzere umene kunalibe. Chachiwiri ndi bala la mbedza. Mbedza imakonda kukola pangodya pomwepa, ndipo poichotsa imasiya chibowo chong'ambika. Bala limakhala ndi m'mphepete mosalongosoka ndipo lili mbali imodzi yokha. Kamzere kobadwa nako n'kosalala, ndipo kali kumanzere ndi kumanja mofanana. N'chifukwa chake mbali zonse ziwiri ziyenera kuyezedwa, ndipo zikasiyana, khulupirirani mbali yopanda bala. Chachitatu ndi kuyeza kuchokera pamalo olakwika. Rula iyambire pangodya penipeni, osati pamene khwinya la tsaya layambira.

Kumbuyo kwa diso

Tsopano igonekeni cham'mbali. Diso la yadiso n'lalikulu poyerekeza ndi mutu, koma kukula kokha sikokwanira, chifukwa ana a shaki zonse amakhala ndi maso aakulu. Chimene mukufuna chili pamkombero wa khungu lozungulira diso, kumbali yoloza kumchira. Pamenepo pali kamng'alu kakang'ono, ngati wina anadula ndi nsonga ya lumo, kosafika ngakhale kutalika kwa njere ya mpunga. Pa yamkaka mkomberowo n'wobulungira wonse, wopanda podukiza.

Pukutani madzi kaye, chifukwa kadontho kamodzi kamakwirira kamng'aluko. Ikani chala chachikulu kumbuyo kwa diso n'kukokera khungu kumchira pang'ono chabe. Ngati kalipo, katseguka ngati kamlomo. Mukasiya kabwerera.

Anthu ambiri amanamizidwa ndi chikope cha m'kati. Shaki za m'banja limeneli zonse zili ndi kachikopa kotuwira kamene kamakwera kuchokera m'munsi kudzaphimba diso, ndipo pamene kachikopaka kakumana ndi mkombero pamaoneka ngati podukiza. Kusiyana kwake ndi malo. Chikope chili m'munsi, kamng'alu kali kumbuyo, pafupifupi pakatikati pa msinkhu wa diso. Mukakankha chikope ndi kamtengo chimayenda. Kamng'alu sikayenda, kali pakhungu lenilenilo.

China ndi ukonde. Shaki yokodwa mu ukonde wa nayiloni imadzipotokola, ulusi n'kucheka khungu la kumutu, nthawi zina podutsa padiso penipeni. Chilonda cha ulusi chimapitirira mpaka patsaya kapena pamwamba pa mutu, ndipo kawirikawiri chimazungulira. Tsatirani mzerewo ndi galasi. Ukapitirira kutali ndi diso, ndi ulusi umenewo.

Diso likaphwa

Ili ndi vuto la kuno kwathu. Magetsi akathima maola ambiri, katundu amasungunuka pang'ono, akayaka n'kuumanso, ndipo zikachitika kangapo diso limaphwa n'kulowa m'kati. Mkombero umakwinyika, ndipo makwinyawo amatha kubisa kamng'alu kapena kunamizira kamene kulibe. Katoni yotere imadziwika: pansi pake pamakhala ayezi wofiirira, ndipo nsomba ikasungunuka imatulutsa fungo la amoniya lolasa m'mphuno. Fungolo limabwera chifukwa shaki imasunga urea wambiri m'thupi, ndipo tizilombo tikayamba ntchito timamusandutsa amoniya.

Mukakumana ndi zotere, nyowetsani kathonje m'madzi ozizira, mukaike padiso kwa mphindi 10, kenako mukanikize pang'ono pansi pa diso kuti mkombero utambasuke. Zikakanika, lembani kuti diso silikuwerengeka, mupite pa chizindikiro chachitatu. Musalembe kuti kamng'alu palibe. Kusaoneka ndi kusakhalapo n'zosiyana, ndipo zolembedwa zambiri zolakwika zimachokera pamenepa.

Chipsepse choyamba cha pamsana

Gonekani chipsepse cha pachifuwa motsatira thupi, mmene chimakhalira nsomba ikamasambira mowongoka. Pezani kansonga kake ka m'kati, kakumbuyo, kamene kali pafupi ndi thupi. Imikani rula pamenepo molunjika kumsana. Pa yamkaka, chipsepse choyamba cha pamsana chimayambira pa rula pomwepo, kapena kutsogolo pang'ono, kapena kumbuyo pang'ono. Pa yadiso chimayambira kumbuyo moonekeratu, pakati n'kutsala mpata, moti chipsepsecho chimaoneka ngati chatsetserekera kumchira.

Povuta ndi kupeza pamene chipsepse chayambira, poti chimatuluka pamsana pang'onopang'ono ngati chulu. Yendetsani chala kuchokera kumutu motsatira msana. Pamene chala chayamba kukwera, bayani kamtengo. Nsomba yopindika imanama pa muyeso umenewu. Ngati siikuwongoka, muyesowu usiyeni.

Mukaziika pamodzi ziwiri zofanana kutalika, yadiso imaoneka yowonda, yonga ndodo, yamkaka ili ndi thupi pang'ono. Izi zimathandiza posankhula mulu waukulu mwachangu, koma si umboni. Yamkaka yaimuna yowonda ndi yadiso yaikazi ya bere zikhoza kukusinthanitsani.

Zimene siziyenera kudaliridwa

Mtundu wa khungu ndiye woyamba kutaya. Mabuku amati yamkaka ndi yotuwa kapena yotuwa mofiirira pamsana, yoyera kumimba, ndipo yadiso ndi yotuwa, yokhala ndi kamzere kakuda kopyapyala m'mphepete mwa mchira ndi mwa chipsepse choyamba. N'zoona, koma yamkaka nayonso imatha kukhala ndi m'mphepete modera pamalo omwewo, makamaka ikakhala yaing'ono. Onjezani masabata a mufiriji, pamene khungu limachita mawanga oyera chifukwa cha kuuma, ndiye kuti palibe chotsala choti n'kugwira. Amene amasiyanitsa shakizi ndi mtundu wa khungu amangolota.

Mano amathandiza mbali imodzi yokha. Pa zonse ziwiri ndi opendekera kumbali, okhala ndi nsonga imodzi yopyapyala. Yamkaka ikakula, m'mphepete mwa mano ake mumachita timano ting'onoting'ono ngati ta sowo, toonekera ndi galasi. A yadiso amakhala osalala moyo wake wonse. Ndiye mukaona timano ta sowo, yadiso yatuluka pampikisano. Koma mukaona osalala simunapeze kanthu, chifukwa yamkaka yaing'ono nayonso mano ake ndi osalala. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwera: aona mano osalala pa nsomba ya masentimita 50, basi alemba Loxodon.

Kutalika kumagwira ntchito kumapeto kokha. Yamkaka imabadwa ili ndi masentimita pakati pa 25 ndi 39, ndipo zambiri sizipitirira mita imodzi ndi masentimita 10. Yadiso imabadwa yayikulupo, masentimita 40 kapena kupitirira pang'ono, koma siifika pa mita. Choncho kansomba ka masentimita 32 kogwidwa kakusambira kokha si kayadiso, ndipo ya mita ndi masentimita 5 si yadiso. Zapakati, kuyambira 40 mpaka cha m'ma 95, kumene kuli pafupifupi katundu yense wa pamalonda, rula siinena kanthu. Chenjezo limodzi: tiana totulutsidwa m'mimba mwa mayi potumbula tisawerengedwe pa lamuloli. Shaki ziwirizi zimabereka ana amoyo, ndipo mwana wosabadwa amakhala ndi chingwe cha mchombo kapena bala losapola pakati pa zipsepse za pachifuwa.

Kumene katundu wachokera kumathandizanso pang'ono. Yamkaka imapezeka mbali zonse ziwiri za Africa, ku Indian Ocean komanso ku Atlantic kuyambira ku Mauritania mpaka ku Angola. Yadiso ku Atlantic kulibe. Nsomba yogwidwadi kugombe la Angola singakhale yadiso. Koma mawu oti yogwidwadi ndi ofunika, chifukwa katoni imanena kumene nsomba inapakidwa, osati kumene inagwidwa.

Youma ya mchere

Yoyanika ndiye imavuta koposa. Khungu limakwinyika paliponse, ndipo pangodya ya kamwa pamakhala mizere itatu kapena inayi yopikisana. Dulani mutu pamodzi ndi zipsepse za pachifuwa, muuviike m'madzi ozizira kwa maola 3 mpaka 4, mukusintha madziwo kawiri kuti mchere uchoke. Makwinya obwera ndi dzuwa amafafanizika khungu likamwa madzi. Kamzere kenikeni kamatsala, ndipo kamtengo kotokosera kamalowamo n'kuyenda. Musapitirire usiku wonse kunja kwa firiji, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, chifukwa mutuwo uyamba kununkha ndipo khungu lisupuka.

Diso la youma nthawi zambiri limakhala litatheratu, koma mkombero wake umatsala. Ukafewa, kamng'alu ka yadiso nthawi zina kamaonekabe. Muyeso wa peresenti uja pa youma musaukhulupirire kwambiri, chifukwa thupi ndi khungu sizifota mofanana. Funso likhale lakuti kamzere kakuyenda motsatira mlomo kapena kathera pangodya.

Ambiri oyanika amang'amba nsomba pamsana n'kuitambasula ngati buku. Yotero muyeso wa chipsepse cha pamsana watha ntchito, ndipo timitumbira ta kumimba tiyenera kufufuzidwa pakati pa nsomba yotambasulayo, osati m'mphepete.

Zizindikiro zikamatsutsana

Kamzere kakatali ndi kamng'alu padiso pa nsomba imodzi: bwererani kudiso, muone mbali inayo. Pafupifupi nthawi zonse ndi bala la ukonde kapena khwinya la ayezi, ndipo nsombayo ndi yamkaka. Ngati kamng'alu kali mbali zonse ziwiri, kosalala, pamalo ofanana, ndiye bwererani kukamwa, mwina mwayeza khwinya la tsaya.

Kamzere kakafupi koma padiso palibe kamng'alu, diso lili bwinobwino: apa imani kaye. Pali m'bale wake wa yamkaka, Rhizoprionodon oligolinx, wa kumadzi a ku Persian Gulf, India ndi kum'mawa kwake, amene kamzere kake n'kakafupi ndipo diso lake n'lobulungira. Katundu wodzera pa Dar es Salaam sikuti yense anagwidwa ku Tanzania. Kumbuyo kwa ngodya ya kamwa kuli mzere wa timabowo tokulirapo kuposa tina tonse ta kumutu. Tiwerengeni ndi galasi mbali zonse ziwiri n'kuphatikiza. Pa yamkaka kawirikawiri timapitirira 16, pa m'bale wakeyo timachepera. Ngati mutu uli wophwatalala kwambiri ngati fosholo, ganiziraninso za mtundu wina wa shaki wotchedwa Scoliodon.

Musaiwalenso kuti katoni imodzi ikhoza kukhala ndi mitundu yonse iwiri. Kuyeza nsomba yapamwamba yokha n'kulemba dzina la katoni yonse ndi ulesi umene umabweza katundu. Tengani zosachepera zisanu, pamwamba, pakati ndi pansi. Imodzi ikasiyana ndi zinzake, khuthulani zonse muzisankhule imodziimodzi. Dzanja likazolowera, nsomba imodzi siitenga mphindi: chagada, kamwa, cham'mbali, diso.

Mutu ukakhala palibe

Katundu wambiri wa mufiriji amabwera atadulidwa mutu, zipsepse ndi mchira, n'kutsala thunthu lokha. Pamenepa tinene mosabisa: ndi maso simungathe. Zipsera za pamene panali zipsepse zikhoza kukuuzani kuti chachiwiri cha pamsana chinali kumbuyo kwa cha pansi, ndipo timitumbira tija tikhoza kutsala, zimene zikufikitsani pa gulu la tishaki timeneti. Kupitirira apo ndi kulosera. Ena amayesa kuyeza mpata wa pakati pa chipsera cha chipsepse cha pachifuwa ndi cha pamsana, koma mpeni wa wodula sutsata malire a chipsepse, ndipo kansonga kakumbuyo kamene muyeso umadalira kanapita ndi chipsepsecho.

Papepala lanu lembani zimene mwaona: Carcharhinidae, thunthu lopanda mutu, mtundu sunatsimikizike. Kenako tengani kanyama kopita ku labu kuti akayeze DNA, imene imaonetsa mtundu wa nsomba. Dulani kachidutswa kakang'ono ngati njere ya nyemba, m'kati mwa mnofu osati pamwamba pamene pakhudzana ndi nsomba zina. Kaikeni m'kabotolo ka ethanol wa 95 peresenti, wochuluka kakhumi kuposa kanyamako, ndipo mawa lake mumusinthe chifukwa madzi a m'nyama amamusungunula. Formalin ayi, amawononga DNA. Spiriti wofiirira wa m'sitolo nayenso ayi. Lezala ikhale yatsopano pa nsomba iliyonse, apo ayi muitsuke ndi kuiwotcha, chifukwa kanyenyeswa ka nsomba yoyamba kakhoza kupereka dzina lake kwa yachiwiri. Nambala ilembedwe ndi pensulo pakapepala kolowa m'botolo momwemo, poti inki imasungunuka mu ethanol. Ku labu amawerenga kachigawo ka DNA kotchedwa COI, ka zilembo pafupifupi 650, n'kukayerekeza ndi zosungidwa kale, ndipo mitundu iwiriyi imasiyana bwino pamenepo.

Ngati ndinu woitanitsa katundu, njira yotchipa ndi kupempha wotumiza kuti m'katoni iliyonse asiyemo nsomba ziwiri kapena zitatu zosadula mutu.

Zithunzi zotumiza kwa wodziwa

Anthu amakonda kutumiza pa WhatsApp chithunzi chimodzi cha nsomba yonse, chojambulidwa ataimirira, nsomba ili m'beseni. Chotero palibe angakuthandizeni nacho. Pamafunika zinayi. Choyamba nsomba yonse cham'mbali, yowongoka, rula ili pansi pake, zipsepse za pamsana zitaimikidwa ndi timitengo. Chachiwiri mutu chagada, kamwa lotseka, rula itagona pangodya, kuwala kukuchokera m'mbali. Chachitatu diso pafupi, lopukuta, foni itatalikira masentimita 10 mpaka 15 kuti isachite chimbuuzi, ndipo fulashi ikhale yozimitsa chifukwa imawalitsa khungu lonyowa n'kubisa mkombero. Chachinayi kumimba, kuyambira pa zipsepse ziwiri zapakati pa mimba mpaka kumchira, kuti timitumbira tioneke. Pa chithunzi chimenechi zimadziwikanso ngati ndi yaimuna, chifukwa yaimuna ili ndi ziwalo ziwiri zonga timitengo m'kati mwa zipsepse zapakatizo.

Pachithunzi chilichonse pakhale kapepala ka nambala ya nsomba ndi ya katoni. Potumiza sankhani kutumiza ngati fayilo, chifukwa njira wamba imafinya chithunzi, ndipo kamng'alu ka mamilimita awiri ndi koyamba kusowa. Nsomba yojambulidwayo ikulungeni payokha, muilembe nambala yomweyo, muibwezere mufiriji kufikira yankho litabwera.